Masese Ouma a Enelesi

Amene anamuona Enelesi wa ku Chia amayamba kukamba za manja ake, nkhope imabwera pambuyo. Nkhopeyo inali ya munthu wamba, msinkhu wapakatikati, mawu okwera pang'ono kuposa mmene apongozi amakondera. Koma manjawo, abale inu! Zikhatho zotambalala, zala zazifupi zonenepa, mitsempha ya m'mikono yotupa ngati ya mwamuna wokoka khoka la nsomba. Akazi anzake ankamunena ali pomwepo kuti Enelesi akakupatsa moni wa padzanja, ukafike kunyumba ukaone ngati zala zako zonse zilipo. Iye ankangoseka, poti ankadziwa chimene chinakuza manjawo. Linali khuntho, thumba lija loluka ndi mlaza lomwe amathiramo mowa ukapsa, kuti wakumwa upite pawokha, masese atsale pawokha.

Anabadwa azungu atakhazika kale boma lawo ku Kota Kota, nthawi imene amuna anayamba kuthawa msonkho n'kumapita ku Halale. Bambo ake anapita nawo, osabwerako, osatumiza ngakhale bulangete. Mayi ake, munthu wosaseka wamba, analera ana pofulula mowa, ndipo Enelesi anayamba kupera chimera pamphero asanathe n'komwe kusenza mtsuko wodzaza. Phunziro la mayiyo linali limodzi, lobwerezedwa mpaka kutopetsa. Mawere sachita bwino mumchenga wa kunyanja kuno. Amachokera kumapiri a ku Ntchisi, amatsika ali pamutu pa munthu, ndipo kuti uwapeze umapereka nsomba zouma. Ndiye dontho lililonse lotsala m'masese ndi thukuta la munthu lotayidwa dala.

Enelesi anatenga phunzirolo n'kulipitiriza mpaka kuposa mwini wake. Chimera chake ankapera mpaka chisalale, kuti chambiri chidutse m'maso mwa khuntho. Phala ankaphika ndi ufa wa makaka a chinangwa, n'kusakanizako chimanga pang'ono chikapezeka. Koma luso lake lenileni linkaoneka tsiku lokuntha. Ankathira mowa m'khuntho, kugwira uku ndi uku, kupota, kupotanso, kukanikiza ndi bondo, mpaka khuntho kulira kuti tswii. Akatero sankataya maseseyo ayi. Ankawathira madzi ofunda, kuvundula, n'kuwabwezanso m'khuntho momwemo. Potuluka komaliza ankakhala ouma gwa, oyoyoka m'manja ngati mchenga. Nkhuku zinkathamangira, kupalasa kawiri, n'kuchokapo zitakhumudwa.

Kodi mowawo unali woipa? Iyayi, tisamunamizire munthu. Unali mowa woledzeretsa bwinobwino, wokanda pakhosi pang'ono chifukwa cha timankhusu todutsa pofinya, koma wochuluka, eee, wochuluka. Dengu la mawere lomwe mkazi wina ankadzazira mbiya zochepa, Enelesi ankandandalika nalo mzere. Pa dima lolima mpunga, pa mowa wa chikumbutso, pa chinamwali, anthu akamva kuti wafulula ndi Enelesi ankadziwa kuti palibe abwerere kwawo ndi ludzu. Dzina limeneli ankalinyadira kwambiri, ndipo anali nalo yekha mbali yonse ya Chia kwa zaka zambiri.

Anakwatiwa ndi Sailesi, msodzi, yemwe anabwera kudzakhala chikamwini pamudzi pawo. Sailesi anali munthu wabwino mtima, woseka msanga, wodziwa kumene chambo chimagona, koma wamantha pa nkhani za m'nyumba. Mawu akuti ayi ankamulemera pakamwa kuposa bwato. Anabereka Jenifa ndi azing'ono ake, ndipo zaka zimenezo Enelesi ankayenda mutu uli m'mwamba. Kenaka tsiku lina Sailesi anabwera akukanda m'mutu, akuyang'ana zala za kumapazi, n'kunena kuti wapeza mkazi wina tsidya lija la nyanja ya Chia, dzina lake Leya. Mitala sinali chinthu chachilendo, ndipo Enelesi sanalire pamaso pa anthu. Mwamuna azigona uku, azigona uko, bwato ali nalo, nkhafi ali nayo. Poyamba zinkayendadi choncho. Koma m'kupita kwa miyezi, Enelesi akapita kukatunga madzi mmawa ankapeza malo a bwato la mwamuna wake m'mabango muli mbee, kawirikawiri kuposa mmene chilungamo chimalolera.

Enelesi anakhala ndi moyo mpaka ukalamba, anafulula mpaka manja aja atayamba kunjenjemera, koma nsanje ya zaka zimenezo ndi yomwe anthu a ku Chia amaikumbukabe. Ndipo inali nsanje yachilendo. Akanamva kuti Leya ndi wokongola, akanapirira, poti nkhope imakwinyika. Akanamva kuti amadziwa kuvina, akanati avine. Chimene chinamulasa pamtima chinali kumva kuti mtsikanayo nayenso amafulula, ndipo amuna akuukamba mowa wake. Mowa! Pa zinthu zonse za padziko, mtsikanayo anasankha kulowa m'munda mwa Enelesi.

Wobweretsa nkhani anali Mwajuma, mayi wa ku Kota Kota yemwe ankazungulira midzi ya ku Chia akusinthanitsa mchere ndi mpunga. Tsiku lina anakhala pakhonde pa Enelesi akuyeza mchere m'kachikho, maso ali pa ntchito yake.

"Ine mowa sindimwa, mukudziwa, ndine wa kumzikiti," anatero Mwajuma. "Koma makutu angawa sasala kudya ngakhale mwezi wa Ramadani. Akuti wa mtsikana uja umatsika pakhosi osapempha njira."

"Amathiramo chiyani?" anafunsa Enelesi, akudzipangitsa ngati akufunsa mtengo wa mchere.

"Palibe. Chimera sapera pamphero, amangosinja mumtondo, chikhale chokhakhala. Pokuntha amapachika khuntho panthambi ya mango, mbiya pansi, iye n'kukhala poteropo kumasenda chinangwa. Mowa uzidontha wokha."

"Osafinya?"

"Osafinya."

"Nanga wotsala m'masesemo?"

"Umatsala momwemo, mayi."

Enelesi analavula pansi. "Umenewo ndi ulesi, si luso. Mawere a mwamuna wanga akuthera m'masese, anthu n'kumaomba m'manja? Asa!" Anayankhula choncho, koma tsiku lonse mtima unali ukumuwawa, ndipo Jenifa anakalipiridwa chifukwa cha nkhuni zomwe sizinalakwe chilichonse.

Tsono kunabwera nkhani ya bwato. Bwato lakale la Sailesi linali litawola kumbuyo, ndipo iye anapeza mtengo wa mbawa m'nkhalango ya kumtunda, n'kupangana ndi Fakiri, mmisiri wosema mabwato, kuti amusemere lalikulu, la khoka. Bwato la khoka si kabwato kongowolokera. Limafuna amuna ambiri opalasa ndi okoka, ndipo dooko lomwe bwato lotere limamangidwapo, ndi pomwe khoka limayanikidwa, ndi pomwe asodzi amasonkhana, ndi pomwe nsomba zimagawidwa. Mwini bwato sagona kutali ndi khoka lake. Enelesi anaziona zonsezi msanga. Bwatolo likapita kwa Leya, Sailesi wapita basi, kuno azingobwera ngati mlendo wodzaona ana.

Anamudikira mwamunayo atakhala pansi akusoka ukonde, pamalo poti sangathawe.

"Bambo a Jenifa, bwato lanulo litsikira dooko liti?"

Sailesi anakhosomola. "Aaa, mayi a Jenifa, mtengo ukadali kunkhalango. Tiona."

"Tiona chiyani? Mtengowo munaupeza mukudya kondowole wa yani? Fakiri akudya nsomba zoumitsidwa ndi yani? Ine ndine wamkulu. Bwato litsikira kuno, pamaso pa abale anga, ndipo mowa wa okoka umwedwa pabwalo panga."

"Koma nayenso mnzanuyo ayenera kufulula. Anthu okoka adzakhala ambiri."

"Afulule. Akatha asenze abwere nawo kuno."

Sailesi anayang'ana ukonde wake, anayang'ana kumwamba, n'kuvomera, monga ankavomerera chilichonse chonenedwa ndi munthu amene ali naye pafupi. Atabwera ndi mawere, Enelesi anagawa yekha, dengu lake ndi dengu la Leya, n'kusalaza pamwamba ndi chikhatho pamaso pa akazi a pamudzi, kuti pasadzakhale wonena kuti wina analandira ambiri. Mumtima ankati, tsiku limenelo mbiya zidzaima pamzere, anthu adzaona okha amene amadziwa kufulula ndi amene amaseweretsa mawere.

Anaviika, anavundikira ndi masamba a nthochi, mawere anamera, anayanika, anapera mpaka mapewa kuwawa. Anabwereka mbiya kwa mng'ono wake ndi kwa azakhali ake. Dzulo lake la tsiku lokoka bwato anayamba kukuntha kutangocha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mzere wa mbiya unali utaima kuseri kwa nyumba, wautali wosangalatsa m'maso. Monga mwa masiku onse, anasiyako kambiya kamodzi ka masese ofinyidwa kamodzi kokha, onyowa, oti mwamuna wake ndi anzake adzathire madzi otentha mmawa wotsatira mowa kuti achotse matsire. Kambiya kameneka ankasiya monyinyirika, koma ankasiya ndithu, poti ngakhale mayi ake ankatero.

Akanangokhala pansi n'kupumula, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma mtima unamukana. Anafuna kukaona ndi maso ake. Anavala chirundu chake chabwino, anakwera bwato la anthu owoloka, n'kukafika pakhomo pa Leya ngati mkazi wamkulu wodzaona ngati wamng'ono wakonzeka.

Zonse zinali monga ananenera Mwajuma. Khuntho linali lende panthambi ya mango, mbiya pansi, mowa ukugwa tho, tho, tho, mosafulumira. Leya, mtsikana wowonda wa mawu otsika, anadzuka msanga, anayala mkeka, anagwada.

"Mwatiyendera, amayi. Kunyumba mwasiya bwanji?"

Enelesi anayankha moniwo ndi theka la pakamwa, maso ali pa khuntho. Kudontha kutachepa, Leya analitsitsa, lolemera, lonyowa chinyowere, n'kupita nalo pa mbiya ina kuti akhuthulemo masese. Apa manja a Enelesi analephera kupirira. Anadzuka, analanda khuntholo, anakoka chipanda ndi phazi, n'kupota kamodzi kokha. Mowa unatuluka kuti waa, chipanda n'kudzaza mpaka pakamwa.

"Taona! Taona, mtsikana iwe! Uwu si mowa? Ukufuna kupatsa nkhuku zimenezi?"

Leya anayang'ana chipandacho. Mowawo unali wa mbuu, timankhusu tikuyandama pamwamba.

"Zoona, amayi, ndi mowa," anatero mofatsa. "Koma ine ndikafinya umandikanda pakhosi. Umenewu ndi wa masese, ndimausiya kwawo komweko."

Ananyamula chipandacho ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kutsanulira m'mbiya ya masese muja. Anavundikira ndi tsamba la nthochi. Ha! Enelesi anamva ngati wamenyedwa mbama pamaso pa gulu. Kutukwana kukanakhala bwino, akanabweza. Koma ulemu woterewu ubweza bwanji?

Kenaka Leya anatunga wodontha wokha uja m'chikho, analawa pang'ono monga mwa mwambo, n'kupereka atagwada. Enelesi anafuna kukana, koma kukana chikho cha mkazi mnzako pamaso pa abale ake ndi mlandu. Anamwa. Mowawo unali wosalala, wolemera, wotsekemera kutsogolo n'kuluma pang'ono kumapeto, ndipo unatsika usanamezedwe n'komwe. Khosi lake lomwe, khosi lomwe analilera ndi mowa wake zaka zonsezi, linapempha wina. Zimenezi ndi zomwe sanathe kukhululuka.

"Uli bwino," anatero akubweza chikho. "Wa ana."

Anawoloka kubwerera kwawo. Atafika anaima kutsogolo kwa mzere wake wa mbiya, ndipo mzere womwe unamusangalatsa mmawa unaoneka waufupi. Pa kukoma waluza, zimenezo anazidziwa yekha, palibe anamuuza. Chotsala chinali kuchuluka, ndipo anafuna kuchuluka koti munthu akayang'ana agwire pakamwa. Anatereka madzi. Anatenga masese onse omwe anali atawafinya kale, n'kuwathiranso madzi, n'kupota mpaka khuntho linayamba kuthetheka m'mphepete. Anaona kambiya kaja ka matsire kali pakona, kovundikira bwino. Anakayang'ana, anakumbuka mbiya ya Leya ndi tsamba lake la nthochi, n'kupsa mtima ngati kambiyako kamutukwana. Anakakhuthulira m'khuntho, anafinya, anathira madzi, anafinyanso. Mzere unatalikirako ndi mbiya imodzi. Zotsalazo anakataya kuseri kwa khola la nkhuku.

Tsiku lokoka bwato mudzi wonse unadzuka ndi phokoso. Amuna a tsidya lino ndi tsidya lija anakwera kumtunda ndi zingwe za luzi, ndipo dzuwa litakwera nyimbo yawo inayamba kumveka kutali, wina akutsogolera, onse akuyankha pamodzi ndi kukoka. Bwato linkayenda pamitengo yoyala pansi, anyamata akuchotsa ya kumbuyo n'kuthamanga nayo kutsogolo. Linadutsa m'minda ya chinangwa, linathyola nthochi za munthu wina yemwe anatukwana mpaka mawu kusasa, linakanirira pa chulu mpaka amuna kuvula malaya. Potsiriza linatulukira pamudzi, lalitali, lofiira, lonunkhira mbawa, Fakiri akuyenda pambali pake akukalipira aliyense wolikhulitsa pamwala. Akazi analulutira. Bwato linatsetsereka pa dooko la Enelesi n'kulowa m'madzi kuti phwaa.

Enelesi analulutira kuposa onse. Leya anali atafika kale ndi mbiya zake, azichemwali ake atamuthandiza kuwolotsa, ndipo anaziika mwaulemu kumapeto kwa mzere wa mkazi wamkulu. Zinali zochepa zomvetsa chisoni. Enelesi anadikira anthu akhale pansi, kenaka anayankhula ndi mng'ono wake ndi mawu oti afike mpaka kwa ogontha.

"Mawere tinagawana mofanana, si munaona nonse? Dengu ili, dengu ilo. Ndiye taonani kuno, taonani uko. Ena mawere amafulula, ena amakadyetsa nkhuku."

Akazi ena anaseka. Leya anangoyang'ana pansi. Sailesi anapeza mwadzidzidzi kanthu kofunika kukaona kumbuyo kwa bwato.

Mkulu wina wa okoka anati ayambe ndi wochepawo kuti uchoke panjira. Leya analawa, chipanda chinayamba kuzungulira, ndipo pabwalo panagwa bata. Amuna omwe ankakuwa mmawa wonse anangoti zii, aliyense akuyang'ana chipanda chikubwera, aliyense akuchigwira nthawi yaitali kuposa mnzake. Mkulu uja anapukuta ndevu n'kupukusa mutu. "Mwana uyu," anatero, "mwana uyu, iyayi." Sanawonjezere mawu ena, koma Enelesi anamva zonse zomwe sananene, ndipo zinamulowa ngati minga.

Mbiya za Leya zinatha msanga, anthu n'kutembenukira ku mzere wautali. Anamwa, ndipo anamwadi. Anaimba, anavina, awiri anamenyana chifukwa cha nkhafi yomwe inasowa chaka chatha, wina anagwera m'mabango. Mbiya zoyamba zinali ndi mphamvu, zomalizazo zinali madzi onunkha mowa, koma pofika pamenepo malilime anali atafa kale. Palibe anadandaula. Palibenso anapukuta ndevu. Mawu okhawo omwe Enelesi anamva okhudza mowa wake anali akuti, "Ulipo wambiri, tungani." Anawalandira, poti ndi omwe analipo.

Komabe bwato linali pa dooko lake. Anatsikira kumadzi anthu akuvina, n'kuligwira m'mbali ndi chikhatho chake chotupa. Pamchenga pambali pake panali chikhomo, mtengo wa muwanga wosongoka kumodzi, woti akhomere m'madzi kuti bwato lizimangidwapo masiku onse. Amuna ena anafuna kuchikhoma pomwepo, koma Fakiri, yemwe ankamwa thobwa lokha, anakana. Anati chikhomo chokhomedwa ndi anthu oledzera chimapendama, achikhome mawa mitu itayera. Enelesi sanatsutse. Anali atadikira miyezi, mawa silinali patali. Tsiku limenelo Sailesi anagona kwa iye, ndipo iye anagona tulo ta munthu wopambana.

Mmawa anadzuka molawirira. Anasesa bwalo, anatsuka mbiya zonse, anazivundikira pansi pamzere kuti ziume. Leya anali atanyamuka kale ndi mbiya zake zopanda kanthu, atatsanzika mwaulemu. Enelesi anamuperekeza ndi maso okha, mumtima akuti pita, ukapachike khuntho lako pamango.

Dzuwa litatuluka amuna anayamba kufika, osati gulu lonse la dzulo, koma okhawo amene Sailesi anawasankha kuti azipalasa ndi kukoka naye khoka. Ankabwera mmodzimmodzi, maso ofiira, akuyenda mosamala ngati asenza madzi pamutu. Anakhala pansi pa mtengo, aliyense akuyang'ana kukhomo kwa nyumba. Sailesi anatuluka, anawapatsa moni, anakhala nawo pang'ono, kenaka anapita kwa mkazi wake n'kutsitsa mawu.

"Mayi a Jenifa, anthuwa mitu ikuwawa. Tatulutsani timasese tija muthire madzi otentha, tikambirane za khoka, tikhome chikhomo."

Enelesi anatembenuka. Anayang'ana pakona pomwe pankakhala kambiya kaja. Kanali pamzere ndi zinzake, kotsukidwa bwino, kamwa ili pansi.

"Ndiphika phala," anatero. "Ndiwotcha chinangwa. Sizichedwa."

"Phala?" anatero Sailesi, mawu ake akumveka ngati a mwana wolandidwa chinthu. "Masese kulibe?"

Mmodzi wa amunawo, yemwe anapita kuseri kukataya madzi, anabwerako atafumbata kanthu. Anatambasula dzanja pamaso pa anzake, n'kuuzira kuti fuu. Masese a Enelesi anauluka onse, padzanja osatsala ngakhale chinyontho. Anzakewo anayesa kuseka, koma kuseka kunkawawitsa mutu. Kenaka wina, munthu wa tsidya lija, anayankhula ngati akuyankhula ndi mtengo.

"Kwathu uko mbiya za masese zili chivundikirire. Sanazikhudze n'komwe."

 Enelesi anaona makosi a amuna aja akumeza malovu, mmodzi pambuyo pa mnzake. Sailesi anayang'ana zala za kumapazi, ndipo Enelesi ankakudziwa kuyang'ana kumeneko.

"Komatu bwato latsopano liyenera kuyesedwa," anatero Sailesi. "Sitinganene kuti lili bwino tisanaone mmene likuyendera ndi anthu. Tingozungulira pang'ono."

Amuna omwe ankalephera kudzutsa mitu anadzuka onse nthawi imodzi. Enelesi anawatsatira mpaka kudooko, chipande chili m'manja. Dzulo bwatolo linafuna midzi iwiri, zingwe ndi nyimbo kuti lisunthe. Lero amuna awiri anangolikankha ndi dzanja limodzi, ilo n'kuyandama mopepuka. Anakwera, anagawana nkhafi. Womaliza kukwera anawerama, ananyamula chikhomo chija pamchenga, n'kuchigoneka m'bwato.

"Chikhomocho mukupita nacho kuti?" anakuwa Enelesi. "Bambo a Jenifa! Chikhomocho chikupita kuti?"

"Ana angachitenge nkhuni," anatero Sailesi, osatembenuka. "Tibwera nacho."

Enelesi analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Akanatha kugwira bwatolo kumbuyo, ndipo ndi manja amenewo mwina likanaima. Koma akazi otunga madzi anali pomwepo, mitsuko ili m'chiuno, akuyang'ana, ndipo iye anali mkazi wamkulu. Anaima chiimire. Nkhafi zinalowa m'madzi pamodzi, bwato linalunjika tsidya lija osakhota ngakhale pang'ono, ndipo linkayenda bwino, linkayenda bwino zedi, Fakiri anali mmisiri.

Anabwerera kunyumba n'kutereka phala ndithu, lambiri, la amuna onse aja. Anawotcha chinangwa n'kuchipala bwinobwino. Anayala mkeka pansi pa mtengo. Akazi a pamudzi ankadutsa akufulumira, osafunsa kanthu, ndipo iye ankawayang'ana m'maso mmodzimmodzi kuti aone ngati alipo angayerekeze kumumvera chisoni.

Pamalo pamenepo Chia ndi wopapatiza, ndipo mphepo inkachokera tsidya lija. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, Enelesi anamva kuseka kwa amuna kukubwera pamwamba pa madzi, kuseka kwa anthu amene mitu yawo yayera. Kenaka kunati zii. Kenaka kunamveka china, cholemera, chobwera motsatizana, gu, gu, gu, mtengo ukumenya mtengo.

Jenifa anatuluka m'nyumba n'kutchera khutu. "Amayi, kodi akusinja chiyani tsidya lija?"

"Sakusinja," anatero Enelesi. "Tenga mbale, uitane azing'ono ako. Phalali tidya tokha."